Mwana Wosalira wa ku Chawama

Ku Chawama, kumene ndinakulira, m'mawa unkayamba ndi nyundo ya bambo. Akangobwera kumzikiti ankakhala pa kampando kawo pansi pa mtengo wa mapeyala umene sunkabala, n'kuyamba kumenya malata. Nyundoyo inkalira mitundu iwiri. Akamawongola lata la mgolo wakale inkagonthetsa m'khutu, koma akamaboola timabowo ta mbaula inkalira mopyapyala ndi mofulumira, ngati mvula yoyamba padenga. Ankapanga ndowa, mabafa ndi mafanelo, koma chisanu chikafika anthu ankangofuna mbaula basi. Miyezi imeneyo komboni yonse inkadzuka ili mu utsi wa makala. Utsiwo unkakhala m'munsi, pakati pa nyumba za mabuloko, n'kulowa m'majuzi ndi m'tsitsi, moti kusukulu tonse tinkanunkhira zofanana.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, denga lake lopsinjidwa ndi miyala ndi matayala akale kuti mphepo isalisasule. Bambo anachokera ku Malawi ali mnyamata ndipo sanasiye kulankhula Chichewa cha kwawo. Amayi anali a ku Kitwe, ndipo analowa Chisilamu pokwatiwa. Iwo ankalankhula Chinyanja cha m'tauni, chothamanga, chosakaniza ndi Chibemba. Choncho ine Halima, mwana mmodzi yekha m'nyumbamo pa nthawiyo, ndinakula ndi mawu awiriawiri pa chinthu chimodzi. Bambo ankati makala, amayi ankati malasha. Ndikapunthwa, bambo ankafunsa ngati zikuwawa, amayi ankafunsa ngati chibaba.

Panalinso azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, amene ankakhala kuseri kwa msika ndipo ankagulitsa nsomba zouma. Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu, wonunkhira kapenta ndi mafuta onunkhira a Lachisanu. Ndiwo analera bambo, ndipo sanaiwale zimenezo. Akabwera kwathu ankatsegula mapoto osafunsa, n'kulawa ndiwo, n'kunena za mchere. Sankakangana ndi amayi poyera. Ankangowatchula kuti alamu ndi mawu ozizira, ndipo amayi ankayankha mwaulemu, maso ali pansi.

Chisanu chimene ndikunenachi ndinali mu giredi yachiwiri. M'mawa wina wa Loweruka amayi anateleka ketulo pa mbaula pakhomo, kenako kunamveka kuti madzi abwera kumpopi. Madzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera mayi aliyense ankasiya zimene akuchita n'kuthamanga ndi zigubu. Amayi anachitanso chimodzimodzi. Ine ndinaimirira chofulatira mbaula, ndikuwotha kumbuyo kwa miyendo, monga mwana aliyense ankachitira. M'kanjira ka pakati pa nyumba anyamata ankamenya mpira wawo wa mapulasitiki omangamanga. Mpirawo unadumpha, n'kumenya ketulo, ndipo madzi owira anandikhuthukira kumbuyo kwa ntchafu yakumanzere mpaka kutsika kuseri kwa bondo.

Za nthawi imeneyo ndimakumbukira pang'ono. Ndikukumbukira kuti ndinakuwa, komanso kuti pakhomo panadzaza anthu msangamsanga. Wina anabweretsa dzira, wina mankhwala otsukira mano, wina ankati pakhale shuga. Amayi anafika akuthamanga ndi chigubu chosadzaza, anakankha onsewo, n'kuyamba kundithira madzi ozizira osalekeza mpaka chigubu chinatha, kenako analanda cha mnzawo. Bambo anandinyamula chafufumimba kupita kumsewu. Mu minibasi anthu anatipatsa malo osadandaula. Ndinagona masiku angapo kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene ndimangokumbukira denga loyera ndi kulira kwa ana ena. Kenako anatitulutsa, n'kutiuza kuti tizikatsukitsa chilonda kukiliniki ya pafupi ndi kwathu.

Tsiku limene tinabwerera kunyumba anandigoneka chafufumimba pa mphasa m'chipinda chakutsogolo, chitseko chili chotsegula kuti dzuwa lilowe. Mwendo unkatentha ngati madzi aja akadali pomwepo, ndipo ndinkalira motsitsa. Amayi anali atakhala pakhonde. Azakhali anafika, anasuzumira, anandiona, n'kubwerera panja. Sanakweze mawu, koma chitseko chinali pomwepo.

"Mukumumva mmene akuliriramu, alamu? Kulira konseku n'chifukwa cha inu. Mayi wanji wosiya mwana pamoto? Mwanayu akalumala, mudzanyamule katundu wanu mubwerere kwanu ku Kitwe."

Ndinangomva amayi akufwenthera pa chitenje. Bambo anali atapita kukapereka mbaula kumsika ndipo sanamve kanthu.

Ndinagona pamenepo ndikuganiza monga mwana amaganizira. Ku Kitwe ndinali ndisanapiteko, koma ndinkadziwa kuti ndi kutali, kokwera basi yaikulu tsiku lonse. Azakhali anali atanena kuti kulira kwanga ndi mlandu wa amayi. Choncho ndinaona kuti ndikamalira kwambiri mlanduwo uzikula, ndipo ukakula kufika penapake amayi adzapita. Ndikasiya kulira, mlandu utha. Zinkaoneka zomveka bwino, ngati samu yowonkhetsa. Ndinaluma m'mphepete mwa bulangeti, n'kusiya kulira masana omwewo.

Kukiliniki tinkapita m'mawa, amayi atandibereka kumsana ngakhale ndinali wamkulu, mwendo wopsawo uli lende kumbali. Tinkadutsa pa tintemba, timashopu tamatabwa timene eni ake anali akutsegula kumene, ndi pa amayi okazinga vitumbuwa, n'kudumpha ngalande youma yodzaza mapulasitiki. Nthawi zambiri azakhali ankatitsatira, ati akaone okha mmene chilonda chikuyendera. Pakhonde la kiliniki panali benchi lalitali la simenti, lozizira ngati mwala wa m'madzi. Chipinda chotsukira zilonda chinali kumapeto. Chisanatsegulidwe n'komwe fungo lake linkatuluka pansi pa chitseko, fungo lakuthwa la mankhwala opha tizilombo.

Amene ankatsuka zilonda masiku oyambawo anali namwino wachimuna, wamtali, wa maso otopa. Sanali wankhanza. Panja pankakhala mzere wa anthu odulidwa ndi malata, olumidwa ndi agalu, ndi ana ena ambiri opsa ngati ine, poti chisanu ndi nyengo ya mbaula. Iye ankagwira ntchito mofulumira chifukwa ankakhulupirira kuti chowawa chikachitika msanga chimathanso msanga. Bandeji inkakhala itamatirira pachilonda. Ankanyowetsa pang'ono, n'kukoka. Ana ena ankakuwa mpaka kusasa mawu, akuluakulu awiri atawapanikiza pabedi. Ine ndinkagona chafufumimba, n'kuluma kolala ya diresi, n'kuyang'ana mng'alu umene unali pakhoma pafupi ndi mphuno yanga. Mng'aluwo ndinaudziwa bwino kuposa nkhope ya namwinoyo.

Akamaliza ankafunsa, "Chibaba?"

"Sichibaba," ndinkatero.

Anayamba kundionetsa kwa ana ena. Ankatsegula chitseko n'kuuza a pabenchi kuti, "Onani munzanu, salila. Uyu ni musilikali." Azimayi a pamzere ankandiyang'ana mosilira, ena n'kumakalipira ana awo kuti atengere ine. Azakhali ankanena mokweza kuti ndi magazi a kwawo, akazi a kwawo salira ndi pobereka pomwe. Amayi akandibereka ndinkamva msana wawo ukumasuka. Ndinaona kuti nzeru yanga ikugwira ntchito.

Anatipatsa botolo la panado wamadzi, n'kuuza amayi kuti azindimwetsa ndikamva kuwawa. Botololo linkakhala pawindo. M'mawa ndi madzulo amayi ankandifunsa, bambo nawo ankandifunsa m'chinenero chawo, ndipo onse ndinkawayankha chimodzimodzi. Mankhwala a m'botolo sanatsike. Bambo ankalinyamula, n'kuliyang'ana padzuwa, n'kunena kuti Mulungu watichitira chifundo.

Ululu wake unali wa mitundu ingapo, ngakhale kuti pa nthawiyo ndinalibe mawu oufotokozera. Panali wokhalitsa, wotentha, umene unkagunda limodzi ndi mtima. Panali wina wobwera mwadzidzidzi bulangeti likakhudza bandeji, ngati munthu wandibaya ndi waya. Woopsa kwambiri unali wa kuseri kwa bondo ndikayesa kuwongola mwendo, chifukwa khungu linkakhala ngati likung'ambika. Ndinapeza kuti ndikapinda bondo n'kulisiya choncho, ululu umenewo sunkabwera. Choncho ndinalipinda. Ndinkagona nalo lopinda, kudya nalo lopinda, ndipo amayi akandinyamula kupita kuchimbudzi ndinkaligwira ndi manja kuti lisawongoke. Kuchipatala chachikulu anali atatiuza kuti ndiziliwongola tsiku lililonse. Amayi akayesa ndinkaumitsa thupi lonse osatulutsa mawu, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi makani chabe.

Masana ankandiika pa mphasa pakhonde kuti ndiwothe dzuwa. Kutsogolo kwanga atsikana anzanga ankasewera chiyato, kuponya mwala m'mwamba n'kukokera timiyala tina kunja kwa dzenje. Masewera amenewo amaseweredwa chokhala, ndipo akanatha kubwera nawo pa mphasa yanga. Poyamba ankandiitana, koma ndinkapukusa mutu. Kusalira inali ntchito yofuna munthu yense, ndipo sindinkatsala ndi mphamvu yoponya mwala kapena yoseka. Chakudya nachonso chinandikanika. Amayi ankandiphikira mbatata, imene ndinkaikonda ndi tiyi, koma ndinkangoinyema n'kuisiya. Makolala a madiresi anga onse anabooka. M'mawa wa tsiku lopita kukiliniki ndinkadzuka mphasa itanyowa, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Akuluakulu ankaziona zonsezi, koma chilichonse ankachipezera chifukwa chake. Kusadya ankati ndi njoka za m'mimba. Kukodza pogona ankati ndi kuzizira. Kukhala chete ankati ndakula.

Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, koma bondo linakana. Tsiku lina namwino uja anayesa kuliwongola, n'kupeza kuti lalimba ngati chigongono cha paipi. Anauza amayi kuti khungu likapola lili chopinda choncho ndidzayenda motsimphina moyo wanga wonse, mwinanso padzafunika opaleshoni. Pobwerera azakhali anayenda patsogolo. Titafika pakhomo anangoti, "Si izi ndinkanena?" Ine ndili kumsana kwa amayi ndinasokonezeka. Ndinali nditasunga mbali yanga, sindinalire ngakhale kamodzi, koma Kitwe ankayandikirabe. Ndinaganiza kuti mwina sindikukhala chete mokwanira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinachepetsanso ndi kulankhula komwe.

Mlungu wotsatira tinapeza munthu wina m'chipinda chija. Anali mayi wonenepa, wa imvi zochepa pamphumi, atavala juzi yabuluu pamwamba pa yunifolomu. A pabenchi ankamutchula kuti ba Sista Chanda, ndipo ankati anali patchuthi. Mzere unkayenda pang'onopang'ono tsiku limenelo, anthu n'kumadandaula. Itafika nthawi yathu anaima pakhomo n'kunena kuti alowe wamkulu mmodzi yekha, mayi wa mwana. Azakhali anabwerera pabenchi akung'ung'udza.

Sanandigoneke pabedi nthawi yomweyo. Anandiika pasikelo amayi atandigwirizira, anayang'ana khadi langa, n'kutukula nsidze. Kenako anakoka kampando, n'kukhala pansi mpaka maso ake anafanana ndi anga. Anandiyang'ana kwa nthawi ndithu. Anayang'ana manja anga amene ndinali nditafumbata, zala za kumapazi zimene ndinali nditazipinda, ndi thukuta limene linali pamphuno panga m'chipinda chozizira chomwecho. Anagwira kolala yanga yobooka, n'kuisiya. Anaika zala ziwiri padzanja langa n'kumvetsera kugunda kwa mtima. Atatero anatulutsa m'thumba kakhadi kojambulidwa nkhope zondondozana, kuyambira yomwetulira mpaka yogwetsa misozi, n'kundiuza kuti ndiloze imene ikufanana ndi mmene mwendo ukumvera. Ndinaloza yomwetulira.

Sananditsutse. Anangogwedeza mutu ngati wamva, n'kuika kakhadiko pamiyendo pake.

"Halima, sinizakugwila manje," anatero. "Nifuna unithandize. Kuli kamwana kena kazabwela mawa. Kanapya monga iwe, kumbuyo kwa mwendo, koma sikakamba. Iwe uziba. Tikamachosa bandeji, kamamvela bwanji?"

Funso limenelo silinkakhudza ine kapena amayi, choncho sindinaone choopsa. Ndinatambasula dzanja n'kuloza nkhope yomaliza, yogwetsa misozi. Anandifunsa za kamwanako kakangokhala pakhomo popanda wokagwira, ndipo ndinaloza yoyandikana ndi yomaliza. Anandifunsa za kakayesa kuwongola mwendo, ndipo ndinabwerera ku yomaliza, n'kuikanikiza ndi chala.

"Kavutika maningi," anatero. "Nanga nichifukwa chani sikalila?"

"Kakalila, bamayi bake bazayenda ku Kitwe."

Kumbuyo kwanga amayi anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo, ngati munthu wamenyedwa pachifuwa. Ndinazindikira kuti ndaulula, ndipo ndinachita mantha. Koma ba Sista Chanda sanadabwe, sanafunsenso kuti ananena zimenezo ndani. Anauza amayi kuti akhale pabedi, n'kundiika pamiyendo pawo. Amayi anandikumbatira mwamphamvu, n'kumandiuza m'khutu, m'Chibemba chimene ankachilankhula akasokonezeka chokha, kuti sapita kulikonse.

Namwinoyo anatuluka, n'kubwera ndi dokotala amene anandiyang'ana, n'kuwerenga kulemera kwanga, n'kulemba. Ba Sista Chanda anandimwetsa panado, kenako mankhwala ena owawa mkamwa a m'kabotolo kamene ankasunga m'kabati yokiya. Anatiuza kuti tikakhale panja padzuwa mpaka mankhwalawo agwire ntchito, iye n'kuitana wotsatira. Tinakhala kuseri kwa kiliniki, kutali ndi benchi, pafupi ndi thanki yamadzi. Pang'onopang'ono kugunda kwa m'mwendo kunayamba kutalikira. Ndinamva mapewa anga akutsika. Ndinali nditaiwala kuti thupi likhoza kukhala choncho. Ndinaona nyerere zikukoka phiko la chiwala m'mbali mwa khoma, ndipo ndinazitsatira ndi maso mpaka kudzenje kwawo.

Titabwerera sanandigoneke ndekha. Amayi anakhala pabedi, ine n'kugona chafufumimba pamiyendo pawo, nkhope yanga ili pa chitenje chawo chonunkhira utsi ndi sopo. Ba Sista Chanda anandifotokozera chilichonse asanachichite. Anati anyowetsa bandeji ndi madzi amchere ofunda n'kudikira mpaka ilekane yokha ndi chilonda. Anati zidzawawabe, asandinamize, koma osati ngati kale. Anandipatsanso liwu limodzi. Ndikangoti imani, iye aima.

Sindinakhulupirire, choncho ndinayesa. Asanandikhudze n'komwe ndinati, "Imani." Manja ake anaima m'malere, madzi akudontha pa thonje. Anadikira osandifulumizitsa mpaka ndinati apitirize. Ndinamuimitsa kangapo tsiku limenelo, ndipo nthawi iliyonse anaima. Ankandiuza kuti ndikoke mpweya wambiri n'kuuzira pang'onopang'ono ngati ndikuziziritsa phala. Atafika kuseri kwa bondo, pamene bandeji inamatirira kwambiri, ndinalira. Poyamba kunali kulira kwa manyazi, kenako kunatseguka konse, ndipo ndinalira za masabata onse aja pamodzi. Palibe anandiletsa. Amayi ankandisisita pamsana, nawonso akulira, ndipo namwinoyo anapitiriza ntchito yake mwakachetechete.

Potuluka anauza amayi kuti mankhwala a kunyumba azindimwetsa pa nthawi zake zoikika, ndalira kaya sindinalire, mpaka iye atanena kuti tichepetse, ndipo asapitirire muyeso umene anawaonetsa pa kasupuni. "Osayembekeza akambe," anatero. "Mwana akati sichibaba, muziyangana thupi. Ngati sadya, sasewela, sagona, ninshi chibaba." Anati bondo tiziliwongola pokhapokha mankhwala atagwira ntchito, pang'onopang'ono, tsiku lililonse.

Masana a tsiku limenelo amayi anapita pansi pa mtengo wa mapeyala n'kugwada pafupi ndi bambo. Sindinamve zimene ananena. Ndinangoona bambo akuika nyundo pansi n'kukhala nthawi yaitali atagwira chibwano. Kenako anatuma mwana wa anansi kukaitana azakhali. Analankhulana kuseri kwa nyumba m'Chiyao, chinenero cha makolo awo chimene ankachigwiritsa ntchito pa nkhani zosafuna makutu a ana. Mawu a azakhali anakwera, kenako anatsika, kenako anatheratu. Bambo anabwera pakhonde, anapukuta manja awo akuda pa thalauza, n'kunjuta pafupi ndi mphasa yanga.

"Amayi ako ndi a m'nyumba muno," anatero. "Palibe amene angawachotse. Zikawawa unene. Ukafuna kulira ulire, si mlandu wa munthu."

Azakhali sanapepese kwa wina aliyense, ndipo sindinkayembekezera kuti angatero. M'mawa mwake anafika ndi nzimbe yosendasenda m'mbale, n'kundiikira pa mphasa. Anavula bambo wotchi yawo yapamkono, n'kuipachika pa msomali pafupi ndi windo. Kuyambira pamenepo anadzipatsa udindo wa nthawi ya mankhwala. Ankasiya benchi lawo la nsomba ndi mnzawo, n'kubwera akuthamanga kudzaona ngati ndamwa, n'kukalipira amayi za kasupuni kosatsuka bwino. Amayi ankawayankha tsopano, mwaulemu koma maso ali m'mwamba. Kukiliniki azakhali ankatsala pabenchi okha popanda wowauza.

Kuwongola bondo kunatenga nthawi. Bambo atamva za kuuzira kuja anadula kapulopela pa chitini cha mkaka, anapinda m'mbali mwake kuti kasandicheke, n'kukakhomera pa kamtengo. Ndikagona chafufumimba amayi ankagwira chidendene n'kumakoka pang'onopang'ono, ine ndikuuzira kapulopelako kuti kazungulire. Kakazungulira kankalira ngati njuchi. Liwu la ba Sista Chanda linkagwiranso ntchito kunyumba, ndipo ndikati imani amayi ankaima. Masiku ena ndinkalira, masiku ena ayi. Ku kiliniki namwinoyo ankatulutsa kakhadi kake nthawi iliyonse, tisanayambe ndiponso titamaliza, ndipo sanafunsenso za kamwana kena kaja. Chala changa chinkasuntha kuchoka kumapeto kubwera pakati. Tsiku lina chinabwereranso kumapeto, ndipo iye anayang'anitsitsa chilonda n'kupeza kuti pakona pena payamba mafinya, n'kupathira mankhwala.

Njala inabwerera isanabwerere miyendo. Ndinayamba kumaliza mbatata yanga n'kumayang'ana ya amayi. Atsikana a chiyato anasamutsira dzenje lawo pafupi ndi khonde lathu, ndipo ndinapeza kuti dzanja langa silinaiwale. Mankhwala a m'kabati yokiya anasiya kufunika, kenako ndi panado yemwe anachepetsedwa mpaka kutha. Mmodzi wa anyamata a mpira uja, amene ankazemba pakhomo pathu chichitikireni ngoziyo, anayambanso kudutsa, ndipo amayi anamupatsa moni ngati kale.

Pamene mphepo ya Ogasiti inayamba kuulutsa fumbi ndi mapulasitiki m'tinjira ta Chawama, ndinali nditayamba kuimirira chogwira khoma. Chidendene chinkakana kufika pansi, kenako tsiku lina chinafika. Ndinayenda kuchokera pakhonde mpaka pamtengo wa mapeyala, bambo akuyang'ana. Sukulu itatsegulidwa ndinapita ndekha wapansi, ndikukoka mwendo pang'ono, ndipo mvula isanagwe ndinali nditasiya kukokako. Chipsera chilipo mpaka lero, chosalala ndi chowala, ndipo kukazizira chimakoka. Ba Sista Chanda sindinamuonenso chitatha chaka chimenecho. Ndinamva kuti anamusamutsira kwina.

Ndili wamkulu kale, azakhali atakalamba ndipo akukhala kwa amayi, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, ndinawafunsa za mawu aja a pakhonde. Anandiyang'ana modabwa kwenikweni. "Ine? Kunena zimenezo?" Sankakumbukira. Chimene ankakumbukira chinali chakuti anaona mwendo wanga tsiku loyamba lija n'kulephera kudya masiku awiri, komanso kuti ndinali mwana wolimba mtima kwambiri.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinapusitsa nyumba yonse ndi kiliniki yomwe chifukwa ndinali wochenjera, ndipo kuti mayi wa juzi yabuluu uja anali ndi maso oona m'kati mwa munthu. Lero ndikuona kuti panalibe chobisika. Zonse zinali poyera, pa mbale yosatha, pa mphasa yonyowa, pa bondo lopinda. Koma aliyense wondifunsa anali ndi chifukwa chake chofunira yankho limene ndinkapereka. Amayi ankalifuna kuti mtima wawo upume, bambo kuti athokoze Mulungu, azakhali kuti anyadire mtundu wawo, namwino wotopa uja kuti aitane wotsatira. Panalibe woipa pakati pawo, ndipo onse ankandikonda kapena kundifunira zabwino. Mwana amadziwa msanga yankho limene akuluakulu angathe kulisenza, ndipo amawapatsa limenelo. Mayi uja anasiyana nawo pa chinthu chimodzi chokha. Anafunsa ali wokonzeka kumva yankho linalo, ndipo anakhala pansi kulidikira.